Amayi a Mapepala

9 Febuluwale

Achemwali,

Muli bwanji kumeneko? Alamu ali bwanji ndi mabasi awo osachira aja? Nanga anyamata? Koma makamaka ndifunse za Kabatani wanga, kodi chifuwa chija chinamusiya? Kuno ndilipo, kungoti miyendo. Tsiku lonse ndimakhala chiimire pa makina a fotokope, anthu ali mbwee ndi ziphaso zawo ndi makalata ofunsira ntchito, aliyense akufuna zake ziyambe kutuluka. Ndikafika kuchipinda ndimangovula nsapato n'kukhala pabedi, ngakhale kuwiritsa madzi a tiyi kumandikanika.

Ndalemba kalata chifukwa pa foni sitimvana. Timangokhalira "mukundimva, mukundimva" mpaka mayunitsi kutha, ndipo mwanayo mukamupatsa foni amangopumiramo osayankhula.

Nkhani ndi iyi. Pafupi ndi pomwe ndikukhala pali sukulu yabwino, ya mawindo agalasi, mwana aliyense ndi mpando wake. Ndakalembetsa dzina la Kabatani. Koma salandira ana chisawawa, mu Juni amayamba awayesa kaye. Mwana alembe zilembo, awerenge mpaka makumi awiri, anene komwe amakhala. Akakhoza malo ndi ake, ndipo abwera kuno tizidzakhala limodzi. Achemwali, zaka zitatu zakwana. Ndinamusiya akuphunzira kumene kuyankhula, lero mukundiuza kuti dzino layamba kugwedera. Ndatopa kukhala mayi wa pa chithunzi.

Mu envelopu muno muli mapepala. Pali mayi wina wa sukulu ya mkaka amene amadzasindikiza zoterezi kwa ife, ndiye ndinamupempha kuti nanenso ndizitulutsako. Abwana anavomera, bola ndizigwiritsa ntchito mapepala amene mbali ina inaonongeka kale. Choncho musadabwe mukaona kuseri kuli theka la chidziwitso cha msonkhano wa anthu osawadziwa. Ena ndi a zilembo za timadontho, mwana amangotsata ndi pensulo. Ena ndi owerengera zinthu, nsomba, mipira, maambulera, kenako alembe nambala m'kabokosi. Pepala limodzi pa tsiku basi, musamupanikize. Akamaliza muzinditumizira kudzera kwa kondakitala yemweyu wa chipewa chofiira, ndizionako dzanja lake.

Ndaikamonso mapensulo ndi chofufutira. Anyamata anuwo asazione, ndikuwadziwa.

Ndine mng'ono wanu.


27 Febuluwale

Mng'ono wanga,

Ife tilipo, kaya iwe ndi miyendo yakoyo. Envelopu inafika, ngakhale inayamba yagona m'chikwama cha kondakitala wako limodzi ndi nthochi zakupsa. Mapepala apamwamba akununkhira mpaka lero. Chifuwa chinatha kalekale, usamangoganiza za matenda.

Ndiye wandipatsa uphunzitsi pamwamba pa utelala! Panopa ndili ndi mayunifolomu mulu, madiresi awiri a ukwati, ndi bambo wina amene amabwera m'mawa uliwonse kudzafunsa buluku lake ngati ndinamubera. Komabe mwana ndamupezera malo. Ndinasuntha nsalu pa thebulo lodulira lija, ndinamuikira mpando ndi pilo kuti afikire, ndiye amakhala pamenepo ine ndikupondaponda mashini.

Usadandaule, mutu ulipo. Zilembo amatsata lilime lili panja, mmene unkachitira iwe. Nsomba zija anawerenga kamodzi n'kamodzi, kenako anazijambulira madzi kuti zisafe. Maambulera anati achepa, anthu ena anyowa, n'kuwonjezerapo awiri. Ndiye nambala imene walembayo usati walakwa, uwerenge ndi akewo. Iwe unati limodzi pa tsiku, iye amafuna atatu, moti ndimachita kuwabisa pamwamba pa kabati.

Ndikuseketse. Makasitomala akamufunsa kuti wakupatsa ndani zokongolazi, amayankha kuti, "Amayi a mapepala." Ine ndine amayi, iwe ndiwe amayi a mapepala. Alamu ako anaseka mpaka tiyi kuwatsamwa.

Za sukuluzo ndamva. Ndi nkhani yabwino, ndipo mwana ndi wako. Kungoti uganizire, iwe ukakhala ku ntchito mpaka dzuwa kulowa, iye azitsala ndi ndani? Ine ndangofunsa.

Omwe wamaliza ndi awo. Limodzi lathimbirira ndi mafuta a mashini, ndi ineyo, usamunene mwana.

Mkulu wako.


12 Malichi

Achemwali,

Zikomo, zikomo kwambiri. Ndikhulupirira nonse mwadzuka bwino. Mapepala ndinawalandira ku depoti ndipo sindinathe kudikira, ndinatsegula nditaima pomwepo anthu akundigunda ndi katundu. Ndawamata pakhoma pamwamba pa bedi. La nsomba lili pakati. Ndikadzuka ndimayamba kuona madzi ake aja, ndipo tsikulo makina akamatafuna mapepala ndimangowasiya atafune.

Koma za dzinalo sindinaseke nawo. Ndikudziwa kuti ndi mwana, ndipo simunamuphunzitse ndinu. Komabe zandikhala pamtima sabata yonse. Muzimukonza pang'onopang'ono. Muzimuonetsa chithunzi chija n'kumuuza kuti awa ndi amayi ako okubereka.

Za wotsala naye ndakonza kale. Chipinda choyandikana ndi changa mumakhala mayi wina wosita zovala za anthu, sachoka pakhomo, ndipo ali ndi kamdzukulu ka msinkhu womwewo. Wavomera kuti Kabatani akaweruka azifikira kwa iye. Ndagulanso kamatiresi kakang'ono, kali chiimire kuseri kwa chitseko. Chipinda n'chopanikiza, koma ndikatulutsa mpando tikwanamo.

Ulendo uno ndatumiza ovutirapo. Manambala afika makumi awiri, ndipo zilembo zina zilibe timadontho, alembe yekha. Mulinso mapu. Ndaika kadontho kofiira pomwe muli inu ndi kena pomwe ndili ine, apake mitundu, adziwe kuti dziko silithera pa shopu yanu. Ndipo chonde muyambe kumuuza za ulendo, asadzadzidzimuke. Mumuuze za sukulu, za mipando, za magetsi a mumsewu amene amasintha mitundu. Inu mumadziwa kumunyengerera kuposa ine.

Mundiuze saizi ya nsapato imene akuvala tsopano. Ndinaona tina tabwino pawindo la sitolo ina, koma sindinadziwe kuti ndinene saizi yanji.

Mng'ono wanu.


3 Epulo

Mng'ono wanga,

Moni. Ndilemba mwachidule chifukwa cha msana. Lamba wa mashini anaduka sabata yatha mayunifolomu ali pakati, ndiye masiku awiri ndinasoka pamanja ngati wophunzira. Zala zonse zabooka.

Nsapato usagule zongoganizira. Ndamuimika papepala n'kuzunguliza phazi ndi pensulo, upite nalo ku sitoloko ukayeze. Uwonjezereko pang'ono, mwanayu akukula ngati udzu wa nthawi ya mvula.

Mapu ako anatipatsa ntchito. Anapaka bwinobwino, nyanja buluu, kwina konse chikasu. Kenako anatenga tepi yanga yoyezera n'kuyeza kuchoka pa kadontho kathu kufika pa kako. Akuti, "Amayi, taonani, n'pafupi, zipi ya buluku ndi yaitali. Nanga bwanji sabwera kudzamwa tiyi?" Ndinamufotokozera kuti papepala zinthu amazichepetsa, kuti pa basi umakwera kukucha n'kukatsika kutada. Anandiyang'ana ngati ndikumunamiza.

Pomwepo ndinaona kuti mpata ndi womwewu, ndiye ndinamuuza za ulendo monga unanenera. Ndinati, "Ukamaliza mapepala onsewa bwinobwino, osalakwitsa, ukwera basi yaikulu, ukakhala ndi amayi ako, ukalowa sukulu ya mawindo agalasi." Anafunsa ngati ine ndipita nawo. Ndinati ayi, mashini ndisiyira ndani? Anafunsa za atate ake aakulu ndi anyamata, ndinati onse atsala. Sanalire, usaope. Anangokalowa pansi pa thebulo kukasewera ndi chitini chake cha mabatani. Ndikuona kuti wamvetsa.

Masiku ano changu chachepako. Sindikuchitanso kubisa pamwamba pa kabati, ndikuchita kumuitana. Mwina atsopanowa amulemera, kapena ndi dzino lija, linatuluka Lachiwiri. Ndatumiza ochepa omwe wagwirako.

Mkulu wako.


21 Epulo

Achemwali,

Ndikhulupirira msana wapepukako. Ine ndilipo, koma mtima suli m'malo.

Mapepala mwatumizawa ndawayang'ana kambirimbiri. Achemwali, chachitika n'chiyani? Pali mipira itatu, walemba seveni. Pali mbalame zisanu, walemba wani. Zilembo zimene mu Febuluwale ankalemba zoongoka bwinobwino, pano zagona chammbali, zina wangokhwatchakhwatcha ngati padutsa nkhuku. Ndinachotsa akale pakhoma n'kuwaika pambali pa atsopanowa, munthu sangavomere kuti ndi dzanja limodzi.

Kodi akudwala ndipo simukufuna kundiuza? Anagwa n'kumenyetsa mutu? Mayi wa sukulu ya mkaka uja ndinamuonetsa, akuti mwina ndi maso, mupite naye akamuone. Akutinso mwana amafuna munthu wokhala naye pambali, osati kumupatsa pepala n'kumusiya. Sindikunena kuti mukumusiya. Ndikungonena zimene wanena iye.

Ndabwereza kusindikiza osavuta aja kuti ayambirenso. Ndaikamonso ena a masewera, a tinjira tokhotakhota, kuti asatope ndi manambala okhaokha. Inki inali ikutha, ena atuwa, koma akuoneka. Nthawi yatsala pang'ono, Juni si kutali. Ndikukupemphani, ngakhale kanthawi kochepa masana, muziimitsa mashini n'kukhala naye.

Nsapato ndagula, zofiira. Zili pamwamba pa kamatiresi.

Mundiyankhe msanga.

Mng'ono wanu.


16 Meyi

Achemwali,

Moni ndikupatsani, ngakhale sindikudziwa ngati mukuufuna. Kondakitala wabwera maulendo angapo ali chimanjamanja. Ndimathamanga ndikaweruka mpaka ku depoti, iye akangondiona amatambasula manja patali kuti ndisavutike kuyandikira. Anzake ayamba kundiseka. Pa foni mumangoti "tili bwino, ndili ndi kasitomala" n'kudula.

Ndakhala ndikudziletsa, koma lero ndinena. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ine ndikuona kuti simukufuna kuti mwanayu abwere. Kuyambira tsiku loyamba munayamba ndi mafunso, azitsala ndi ndani, azitani. Mwana amene ankalimbirana nanu mapepala sangaiwale kuwerenga mipira itatu pokhapokha ngati palibe amene akumukhazika pansi. Mwina tsiku lonse akungokutolerani mapini ndi kukupatsirani sizasi. Ndikudziwa kuti munkafuna mwana wamkazi ndipo Mulungu anakupatsani anyamata okhaokha. Koma uyu ndinamubereka ndine. Ndinakusungitsani, sindinakupatseni.

Mukuganiza kuti kuno ndikudyerera? Ndimaima pa makina otentha mpaka mapazi kutupa, nkhope za anthu zikundikalipira chifukwa cha pepala lopindika. Chimene chimandidzutsa m'mawa ndi chakuti tsiku lina ndidzatsegula chitseko n'kumva wina akuti amayi, osawonjezerapo kanthu. Mukandilanda chimenecho nditsala ndi chiyani?

Ku sukulu andiuza kuti ana adzawayesa Loweruka lachiwiri la Juni. Ngati simungathe kumuphunzitsa, nenani, ndipeze njira ina. Koma musandikhalitse chete chonchi.

Mng'ono wanu.


23 Meyi

Iwe,

Kalata yako ndawerenga, ndipo ndinayamba ndaiika pansi pa ayironi masiku awiri kuti ndisakuyankhe ndi mkwiyo. Sizinathandize.

Ukuti akunditolera mapini. Usiku umene ankabanika ndi chifuwa, amene anamubereka kumsana mpaka kuchipatala ndani? Amene amadziwa kuti sagona ngati phazi lake silikugunda munthu ndani? Zaka zitatu sindinakuwerengere kanthu ndipo lero sindiyamba. Koma za mwana wamkazi zija ukanasiya. Unalipo pamene ndinataya wanga, unandigwira dzanja ndiwe. Sindinkayembekeza kuti ungadzanditosere pomwepo.

Sindinatumize mapepala chifukwa panalibe choti nditumize. Unkafuna ndikutumizire zokhwatchakhwatcha kuti uzikalira nazo ku depoti? Masana aliwonse ndimaimitsa mashini monga unalamulira, makasitomala akudikira pabenchi. Ndimakhala naye, ndimaloza mpira, ndimati chiwerenge. Amati, "Ndaiwala." Ndanyengerera, ndalonjeza masiwiti, tsiku lina ndinamukalipira mpaka ndinadzimvera chisoni. Ndimamukumbutsa kuti limbikira, ukapanda kukhoza sukwera basi, amayi ako akukudikira. Amangondiyang'ana, pensulo ili m'kamwa. Ku maso ndinapita naye, ndinataya tsiku lathunthu pamzere. Akuti maso ake ndi akuthwa kuposa a dokotala.

Ngati ukufuna kudziwa ngati ndikufuna apite, ayi, sindikufuna. Ndikaganiza za thebulo lija lopanda iye, chakudya sichilowa. Koma kusafuna ndi kwina, kutchinga ndi kwina. Ndamusokera kale madiresi awiri a paulendo ndi kachikwama ka mapensulo. Ine ndatopa, mng'ono wanga. Ndatopa ndi mashini, ndatopa ndi uphunzitsi umene sindinaupemphe, ndatopanso ndi kuimbidwa mlandu ndi munthu amene ndikumulerera mwana. Bwera udzamutenge, ukamuphunzitse wekha, mwina kwa iwe akakumbukira.

Mkulu wako, ngati ukundiwerengerabe.


24 Meyi

Alamu,

Ndine mlamu wanu wa girisi. Pepani ndi zala zimene zadinda papepalali, sopo wa ku garaja anatha chaka chatha. Akulu anu andituma kuti ndikapereke envelopu yawo kwa kondakitala. Sindinaiwerenge, koma mmene amamatira ndi chibakera ndadziwa kuti muli moto. Ndiye ndati ndiikepo yanga pamwamba. Ngati mwayamba ndi yawo, imwani madzi kaye.

Ine za sukulu sindilowerera, mukudziwa. Koma Loweruka lapitali akulu anu anali ndi diresi la mkwatibwi lofunika tsiku lomwelo, ndiye anandikankhira Kabatani kuti ndipite naye ku garaja. Anandipatsanso mapepala anu kuti mwina kwa ine akagwira. Ndinamukhazika pa tayala, ndinamupatsa pepala la mipira, akuti ndaiwala. Ndinati chabwino, ine si mphunzitsi, ndinalowa pansi pa basi.

Ndili pansipo ndikumva munthu akuwerenga. Ndinasuzumira. Mwana wanu wakhuthula chitini changa cha manati, wawandandalika pansi, akuwerenga. Anadutsa makumi awiri osapuma, anafika makumi anayi ndi kanthu, manati ndi amene anatha. Kenako anatenga masipanala n'kuwaika mwa manambala ake, kuyambira kakang'ono mpaka chachikulu, chinthu chimene anyamata anga a ntchito chimawakanika. Atatero anaima kutsogolo kwa basi n'kumatchula zilembo za pa nambala yake chimodzichimodzi.

Ndinatuluka n'kunena kuti, "Iwe Kabatani, si iwe umati waiwala?" Alamu, mwana anadzidzimuka ngati ndamugwira akuba shuga. Anathamanga n'kudzanditseka pakamwa ndi kadzanja kake. Akuti, "Musakanene kwa amayi. Ndikakhoza andikweza basi ndekha."

Ndinakhala pansi pomwepo, pa mafuta. Nonse awiri mwakhala mukukoka galimoto ili pa handibuleki. Akulu anu akamati limbikira kuti ukwere basi, amaona ngati akumuonetsa siwiti, osadziwa kuti akumuonetsa mkwapulo. Inunso mukamatumiza ena, iye amaona ngati matikiti akuchuluka. Palibe wolakwa apa. Mwanayu kwawo ndi pansi pa thebulo lija, ndipo inu amakudziwani ngati envelopu. Pepani, ndanena mosakuluwika, ndi mmene timayankhulira kuno.

Sindinawauzebe akulu anu, ndinalonjeza mwana. Ndiwauza madzulo ano chifukwa lonjezo lotere silisungika, koma ndinafuna inu mumve kaye.

Pali china. Tisanaweruke anafufuza m'mapepala muja n'kutulutsa la tinjira tokhotakhota, lija lili ndi kamwanapiye pakona ina, nkhuku pakona ina, lolembedwa kuti thandiza kamwanapiye kupeza make. Akuti ili lokha ndipanga. Koma anaika pensulo pa nkhuku. Ndinati walakwitsa poyambira, yambira pa kamwanapiye. Anakana. Akuti, "Kamwanapiye ndi kakang'ono, kasochera. Nkhuku ndi imene inachoka, njira ikuidziwa."

Pepalalo ndi ilo ndapinda pakatipa. Muone nokha mzere wake, sunagunde khoma ngakhale pamodzi.

Mlamu wanu.


5 Juni

Achemwali,

Muli bwanji? Msana uli bwanji? Ndikufunsa zenizeni, osati mwa mwambo wa kalata.

Makalata onse awiri ndinalandira. Ndinayamba ndi yanu, ndipo inandiyenera. Mawu aja a mwana wamkazi sindingawabweze m'kamwa, ndikudziwa. Ndinalankhula ngati munthu wopanda m'bale. Mundikhululukire pamene mungathe, sindikukufulumizitsani.

Kenako ndinatsegula ya alamu. Ndinali ku ntchito, makina akutulutsa mabuku a munthu wina. Ndinatsata mzere uja ndi chala kuchoka pa nkhuku mpaka pa kamwanapiye. Pothera anakanikiza pensulo mpaka pepala kubooka. Sindikudziwa kuti ndinaima nthawi yaitali bwanji, ndinangomva abwana akukuwa kuti mapepala akugwera pansi. Miyezi yonseyi ndimayang'ana mabokosi a manambala kuti ndione ngati wakhoza. Sindinafunse n'kamodzi komwe ngati akufuna.

Dzulo ndinapita ku sukulu kuja kukawauza kuti Loweruka mwana sabwera. Mayi wa mu ofesi sanadzutse n'komwe mutu, anangoti pali ambiri akudikira malowo, mudzayesenso chaka chamawa. Ndinatuluka n'kukhala pa benchi ya panja mpaka ana anaweruka. Zinandiwawa, sindinama. Ndinawaona akuthamangira amayi awo pageti ndipo ndinachita nsanje ndi anthu osawadziwa.

Ndapempha tchuthi. Abwana anayamba andiwerengera mavuto awo onse, kenako anandipatsa sabata imodzi. Sabata si kanthu pa zaka zitatu, koma ndi imene ilipo. Akuti mwina mu Seputembala adzandipatsanso ina. Za chaka chamawa sindikudziwa, ndatopa kukonza zinthu ndili kutali. Tidzakambirana tili pa thebulo limodzi, iye ali pansi pake akumva.

Mu envelopu muno mulibe mapepala, musavutike kukutumula. Mumuuze kuti nkhani ya basi yatha, palibe amene akumukweza. Nsomba awerenge mmene akufunira, azipatse madzi, maambulera awonjezere. Madiresi a paulendo aja azivala pakhomo pomwepo asanamuthine.

Ndifika Loweruka lomwelo, ndi basi ya kondakitala wa chipewa chofiira. Musabwere naye ku depoti, angaone basi n'kuganiza zina. Ndibwera ndi kachikwama kakang'ono, ndipo mukabise kuchipinda kwanu ndikangofika. Nsapato ndibweretsa, ngati zamuchepera tipatsa wina. Musamukakamize kundipatsa moni kapena kundikhalira pamwendo. Mungondipatsa mpando pafupi ndi thebulo ndi ntchito ya m'manja, kaya kusomeka mabatani, kaya kumasula ulusi, ndizikhala pomwepo mpaka andizolowere.

Chomaliza. Ndinakuuzani kuti muzimukonza akanditchula dzina lija. Musiyeni. Ndi dzina lokhalo limene ali nalo la ine. Akati amayi a mapepala, ndivomera.

Ndine mng'ono wanu.